Kusamala madzi a m'bafa lotentha la panyumba kuno ku Lusaka

Aliyense amene amakhala ku Chalala kapena ku Makeni, n'kumagwiritsa ntchito madzi a pachitsime chobowola ndi makina, amadziwa zimene zimachitika m'kati mwa ketulo pakatha miyezi iwiri yokha. Pansi pake pamayera mbee, ndipo mukapalapo ndi supuni pamakanganuka tizidutswa touma tofanana ndi njereza ya pakhoma lakale. Ndayamba ndi ketulo chifukwa bafa lalikulu lamadzi otentha, limene ambiri timangolitcha Jacuzzi potengera dzina la kampani ina yopanga mabafawa, limalandira madzi omwewo, koma limawasunga m'njira yovuta kwambiri. Madzi a m'ketulo timawatsanula tsiku lomwelo, pomwe a m'bafali amakhala momwemo miyezi iwiri kapena itatu, ali pa madigiri 37 mpaka 40, akuzungulira m'mapaipi obisika, ndipo anthu akulowamo ndi thukuta, mafuta odzola ndi fumbi la tsiku lonse. Ndasamala bafa lotere kwa zaka zingapo tsopano, ndipo chachikulu chimene ndaphunzira n'chakuti malangizo a pachitini cha mankhwala analembedwera madzi alionse, osati a ku Lusaka. Munthu wa kuno ayenera kuyamba wadziwa madzi ake asanathiremo kanthu kalikonse.

Ambiri amaganiza kuti popeza bafali ndi laling'ono poyerekeza ndi dziwe losambiramo, kulisamala n'kosavuta. Kuchepa kwakeko ndiko kumabweretsa mavuto. Bafa la panyumba lingakhale ndi malita pafupifupi 1,500, ndipo anthu anayi akalowamo, aliyense amagawana malita 375 okha, amene sakwana n'komwe migolo iwiri. M'madzi otentha thupi limatuluka thukuta kwambiri ngakhale munthu sazindikira, ndipo mankhwala ophera tizilombo amatha msanga kuposa m'madzi ozizira. Madzi amene anali bwinobwino Loweruka m'mawa angakhale opanda chitetezo chilichonse pofika Lamlungu, koma akuonekabe oyera ngati galasi.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa maso sangakuuzeni ngati madzi ali abwino. Pali mabakiteriya otchedwa Pseudomonas aeruginosa amene amakonda madzi ofunda opanda klorini wokwanira. Amayambitsa totupa tofiira toyabwa, makamaka pamalo pamene chovala chosambira chimagwira thupi, ndipo timatuluka patapita maola angapo kapena masiku ochepa munthu atasamba. Oopsa kuposa amenewa ndi Legionella, amene amaswana bwino m'madzi a madigiri 25 mpaka 45. Iwowa salowa m'thupi pomwa madziwo, koma popuma timadontho ting'onoting'ono timene timauluka pamene majeti, timabowo ta m'makoma a bafa totulutsa madzi mwamphamvu, akuwinditsa madzi, ndipo amayambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa okalamba, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Dzina la mabakiteriyawa linachokera ku mliri wa matendawa wa mu 1976 ku Philadelphia, ku America. Mu 1999, pachionetsero cha maluwa ku Bovenkarspel m'dziko la Netherlands, anthu oposa 180 anadwala ndipo ena anamwalira chifukwa cha bafa lotere limene linkangoonetsedwa kwa ogula lili ndi madzi osathiridwa mankhwala. Anthuwo sanalowemo n'komwe, anangodutsa pafupi.

Kuyeza ndiko koyamba

Musanagule mankhwala alionse, gulani choyezera madzi. Timapepala toviika m'madzi timapezeka m'masitolo ogulitsa zinthu za maiwe osambiramo, ndipo n'tokwanira pa kuyeza kwa tsiku ndi tsiku, malinga mukatisunga bwino. Chinyezi chimatiwononga, choncho m'nyengo yamvula musasiye botolo lake lotsekula kapena kulowetsamo chala chonyowa. Koma pa madzi ngati athu ndi bwino kukhalanso ndi choyezera cha madontho, chija mumatunga madzi m'kabotolo n'kumawerenga madontho mpaka mtundu utasintha, chifukwa timapepala timalephera kusiyanitsa bwino manambala akakwera kwambiri. Tungani madzi oyeza pakati pa bafa, mkono utamira mpaka m'chigongono, pampu itazungulitsa madzi kwa mphindi zingapo koma majeti a mpweya atazimitsidwa, ndipo werengani mtunduwo pakuwala kwa masana, osati pansi pa babu lachikasu la pakhonde.

Manambala ambiri amalembedwa mu ppm, ndipo masamu ake ndi osavuta: ppm imodzi ndi galamu imodzi m'malita 1,000 a madzi. Pachifukwachi muyenera kudziwa malita enieni a bafa lanu, kuchokera m'buku lake kapena poyeza nthawi imene paipi imatenga kudzaza ndowa ya malita 20 n'kuyerekeza ndi nthawi imene imatenga kudzaza bafa lonse. Gulaninso sikelo yaing'ono yoyeza magalamu. Kuthira mankhwala ndi chivundikiro cha botolo kapena ndi dzanja kumatheka m'dziwe lalikulu, koma m'malita 1,500 supuni imodzi yowonjezera imasintha zonse.

Zinthu zoyeza zilipo zinayi: alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), imene iyenera kukhala pakati pa 80 ndi 120 ppm, pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka), pakati pa 7.2 ndi 7.8, kashiamu (amene amapanga laimu), pakati pa 150 ndi 250 ppm, ndi mankhwala ophera tizilombo. Muzizikonza motsatana chonchi, chifukwa chilichonse chimadalira chinzake cham'mbuyo.

Madzi a pansi pa Lusaka

Mbali yaikulu ya mzinda uno inakhala pamwamba pa miyala ya laimu ndi dolomite, miyala yomwe ija amayi amaphwanya m'mphepete mwa misewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Madzi amvula akamalowa m'ming'alu ya miyalayi amasungunula kashiamu ndi magineziamu, ndipo akamatuluka pachitsime amakhala atasenza kashiamu wambiri pamodzi ndi alkalinity yokwera. Madzi a m'mipopi ya mzinda nawo amachokera kuwiri, ena kumtsinje wa Kafue, ena kuzitsime za pansi pa mzinda womwewu, motero amasiyana dera ndi dera. Yezani madzi a pampopi panu musanadzaze bafa, ndipo lembani zimene mwapeza.

Nditayeza madzi a pachitsime changa koyamba ndinapeza alkalinity yopitirira 250 ppm, kuwirikiza kawiri malire oyenera. Malangizo ambiri amaphunzitsa kukweza alkalinity, ndipo mankhwala ake ndi sodium bicarbonate, soda yemweyo amene timathira mu therere, kapena kuti delele monga timanenera kuno. Magalamu 17 a soda amakweza alkalinity ndi 10 ppm m'malita 1,000. Koma ambiri a ife amene timatunga m'zitsime sitidzafuna sodayo pa tsiku lodzaza bafa, chifukwa ntchito yathu ndi yotsitsa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa chimene alkalinity imachita. Iyo ili ngati chogwiriziza pH kuti isamangogwedezeka. Ikachepa kwambiri, pH imakwera ndi kutsika ndi kanthu kakang'ono kalikonse. Ikachuluka, imakokera pH m'mwamba mosalekeza, makamaka m'bafa la majeti, chifukwa kuwinduka kwa madzi kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawu ukachoka pH imakwera. N'chifukwa chake mungathire asidi lero, pH n'kutsika kufika pa 7.4, koma mawa madzulo mutayatsa majeti kwa theka la ola mupeza yabwerera pa 8.0. Sikuti asidiyo ndi wachabe, koma alkalinity ikadali pamwamba.

Njira yotsitsira imagwiritsa ntchito khalidwe lomwelo. Asidi amatsitsa zonse ziwiri, pH ndi alkalinity, pomwe kuwinditsa madzi kumakweza pH yokha osakhudza alkalinity. Choncho thirani asidi pang'ono mpaka pH ifike pafupi ndi 7.0, kenako yatsani majeti onse ndi mpweya, chivundikiro chili chotsekula, kwa theka la ola kapena kuposerapo, mpaka pH ikwerenso kufika pa 7.6 kapena 7.8, ndiye muthirenso asidi. Ulendo uliwonse alkalinity imatsikako pang'ono. Asidi wouma, sodium bisulfate, ndiye wosavuta kugwira panyumba, ndipo magalamu pafupifupi 25 amatsitsa alkalinity ndi 10 ppm m'malita 1,000. Pa bafa langa, kuchoka pa 250 kufika pa 100 kunafunika asidi wopitirira theka la kilogalamu, ndipo ndinamuthira pang'onopang'ono m'masiku atatu. Musayese kumuthira yense nthawi imodzi pofuna kufulumira, chifukwa pH ikagwa pansi pa 7.0 kwa nthawi yaitali madziwo amadya chitsulo cha hita ndi mphira za pampu. Sungunulani asidiyo m'ndowa imene muli kale madzi, ndipo nthawi zonse asidi ndiye apite m'madzi, osati madzi kuthiridwa pa asidi. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo imani kumene mphepo ikuchokera.

Kashiamu ndi nkhani ina, chifukwa palibe mankhwala wamba amene mungathire kuti achoke m'madzi. Khalidwe lake ndi losiyana ndi la shuga kapena mchere: laimu amasungunuka movutikira madzi akamatentha, motero amayamba kukhala pamalo otentha kwambiri m'bafa monse, pomwe ndi pa hita. Akakuta hita, hitayo imadya magetsi ambiri kuti itenthetse madzi omwewo, kenako imapsa. Zizindikiro zake ndi makoma a bafa okhakhala ngati sandipepa mukawasisita, majeti olimba potembenuza, ndi madzi otuwa ngati munagwera mkaka pang'ono. Ngati kashiamu wa madzi anu wapitirira 300 ppm, njira yeniyeni ndi kusakaniza ndi madzi opanda laimu wambiri, monga amvula a m'thanki yaukhondo atasefedwa bwino, kapena odutsa m'makina ofewetsera madzi. Musadzaze bafa lonse ndi madzi ofewetsedwa okhaokha, chifukwa madzi opanda kashiamu amachita thovu ndiponso amadya zitsulo. Ngati kusakaniza sikutheka, sungani pH kumunsi, pa 7.2 mpaka 7.4, tsitsani alkalinity mpaka pa 80 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo muzithira mankhwala oletsa laimu kumatirira sabata iliyonse. Laimu amafuna zinthu zitatu pamodzi kuti agwire, kashiamu wambiri, pH yokwera ndi kutentha, ndipo pa zitatuzi pH ndiyo ili m'manja mwanu tsiku lililonse.

Zitsime zina zimatulutsanso madzi okhala ndi chitsulo chosungunuka. Amatuluka oyera, koma mukangothira klorini amasanduka achikasu kapena a mtundu wa dzimbiri. Zikatero musawonjezere klorini poganiza kuti ndi litsiro. Mangani kasefa kumapeto kwa paipi podzaza, thirani mankhwala ogwira zitsulo klorini asanalowe, ndipo tsukani fyuluta kawirikawiri masiku oyambawo.

Klorini amene, ndipo wochuluka bwanji

Chifukwa chachikulu chovutikira ndi pH n'chakuti mphamvu ya klorini imadalira pomwepo. Pa pH ya 7.5, pafupifupi theka la klorini amene ali m'madzi ndi amene amakhala wa mtundu wopha tizilombo mwachangu. Pa 8.0 amatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Munthu amene amathira klorini mokhulupirika koma pH yake ili pa 8.2 akutaya ndalama, ndipo banja lake silili lotetezeka monga akuganizira. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limalangiza kuti m'bafa lotentha klorini asachepere 3 ppm, kapena bromini, mankhwala ena ophera tizilombo, asachepere 4 ppm. Panyumba ndimasunga klorini pakati pa 3 ndi 5 ppm, ndipo ndimayeza nthawi iliyonse munthu asanalowe.

Apa ndi pamene ambiri timalakwira, ndipo inenso ndinalakwa chaka choyamba. Klorini wa mchenga woyera amene amapezeka paliponse wothira m'maiwe osambiramo nthawi zambiri ndi calcium hypochlorite. Dzina lake lomwelo likunena kuti muli kashiamu, ndipo pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 7 ppm ya kashiamu, komanso amakankhira pH m'mwamba. Ndinamugwiritsa ntchito miyezi iwiri chifukwa anali wotsika mtengo, ndipo tsiku lina m'mawa wa mu Julayi ndinatsekula chivundikiro n'kupeza madzi atatuwa, pansi pa bafa posaoneka. Nditatulutsa fyuluta, mapindo ake anali atauma gwa ndi laimu, moti ndikawapinda ankathetheka. Ndinali ndikuwonjezera laimu m'madzi odzala kale ndi laimu. Mapiritsi aakulu a klorini wotchedwa trichlor nawonso si a m'bafa lotentha, chifukwa ali ndi asidi wambiri, amasungunuka msanga m'madzi otentha, ndipo amasuwitsa makoma ndi chivundikiro.

Woyenera bafa lotentha ndi dichlor, amene dzina lake lonse ndi sodium dichloroisocyanurate. Amasungunuka mwachangu ndipo sasuntha pH kwambiri. Ngati pachitini palembedwa kuti mphamvu yake ndi 56%, magalamu 8 amakweza klorini ndi 3 ppm m'malita 1,500. Koma nayenso ali ndi msampha wake umene ogulitsa ambiri satchula. Pa 10 ppm iliyonse ya klorini amasiya pafupifupi 9 ppm ya cyanuric acid, chinthu choteteza klorini kudzuwa. Klorini amatha, koma cyanuric acid amangounjikana, ndipo akachuluka amamanga klorini moti amapha tizilombo mochedwa ngakhale choyezera chikusonyeza nambala yabwino. Mukamathira 3 ppm tsiku lililonse, pakatha milungu itatu amakhala atapitirira 50 ppm, pomwe ndi pamalire. Chimene ine ndimachita ndi kugwiritsa ntchito dichlor masiku 10 kapena 12 oyamba nditadzaza bafa, mpaka cyanuric acid afike pa 30 ppm, kenako ndimasinthira ku bleach wamba wochapira zovala, amene ambiri timangomutcha Jik. Ayenera kukhala wopanda fungo lowonjezera, wopanda sopo, ndiponso wosakhuthala. Ngati pabotolo palembedwa 3.5%, mamililita 100 amapereka pafupifupi 3.5 ppm m'malita 1,000. Bleach sawonjezera kashiamu kapena cyanuric acid, koma amafooka akakhalitsa pamalo otentha, choncho gulani wochepa kawirikawiri.

Bromini ndi njira ina yabwino, makamaka kwa amene sangathe kuyeza tsiku lililonse. Amapirira kutentha, amagwirabe ntchito pH ikakwerako, ndipo mapiritsi ake amaikidwa m'kachidebe koyandama n'kumasungunuka pang'onopang'ono ngakhale mwininyumba ali paulendo. Kuipa kwake n'kwakuti ndi wodula, dzuwa limamuwononga msanga ndipo palibe chomuteteza, komanso mapiritsiwo amatsitsa pH ndi alkalinity pang'onopang'ono, chinthu chimene pa madzi athu nthawi zina chimathandiza. Makina a ozoni kapena nyali ya UV amene amabwera ndi mabafa ena amachepetsa mankhwala ofunika, koma salowa m'malo mwake, chifukwa amangoyeretsa madzi amene akudutsa pa iwo panthawiyo.

Pa za kasungidwe ka mankhwalawa sindingathe kudutsapo mwachangu. Tsiku lina ndinapeza mnyamata amene amandithandiza pabwalo akufuna kukhuthulira klorini wotsala wa m'chitini chakale m'chitini chatsopano cha dichlor kuti pakhale malo pashelefu. Nditamugwira dzanja anadabwa, nati, "Bambo, kodi si klorini yemweyo?" Ndinayankha kuti, "Ayi achimwene, dzina ndi limodzi koma akakumana amayaka." Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinali ndisanamufotokozerepo. Calcium hypochlorite akasakanikirana ndi dichlor kapena trichlor, makamaka pakakhala chinyezi, amatentha, kutulutsa utsi wapoizoni, ndipo angathe kuphulika. Klorini wa mtundu uliwonse akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wowononga mapapo. Mankhwala alionse akhale m'chitini chake chotseka, ndi supuni yakeyake youma, pamalo ozizira ndi okhoma pamene ana sangafike, kutali ndi petulo wa jenereta ndi feteleza. Pothira m'bafa, thirani mtundu umodzi, dikirani mphindi 20 kapena 30 pampu ikuyenda, kenako winawo.

Fungo, thovu ndi zimene timalowa nazo

Mukatsekula chivundikiro n'kumva fungo lamphamvu la klorini lolasa m'maso, musafulumire kunena kuti mwathira wambiri. Nthawi zambiri fungolo limachokera ku klorini amene wagwirana kale ndi thukuta ndi mkodzo, n'kusanduka zinthu zotchedwa chloramine, zimene zimanunkha ndi kuyabwa koma sizipha tizilombo mokwanira. Choyezera chabwino chimasonyeza manambala awiri, free chlorine, amene ndi klorini amene akadali ndi mphamvu, ndi total chlorine, amene ndi yense pamodzi. Kusiyana kwa awiriwa kukapitirira 0.5 ppm, madzi akufunika kuwathira klorini wambiri nthawi imodzi, mpaka pafupifupi 10 ppm, kuti zotsalirazo zipse. Chitani zimenezi madzulo, kamodzi pa sabata ndiponso alendo akangochoka, majeti akuyenda, chivundikiro chili chotsekula kwa theka la ola kuti mpweya woipawo utuluke m'malo modya chivundikirocho kunsi. Munthu asalowemo mpaka klorini atatsika kufika pa 5 ppm. Dziwaninso kuti klorini akakwera kwambiri amasokoneza choyezera: mtundu wake ungazimiririke n'kuoneka ngati mulibe klorini, ndipo pH ingaoneke yokwera kuposa mmene ilili. Dikirani kufikira m'mawa musanathire asidi.

Theka la ntchito yonseyi lingapeweke pabafa la m'nyumba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene bafa lotentha limakoma kwambiri, ndi pamenenso timadzola mafuta okhuthala ndi gilisalini chifukwa cha kuuma kwa khungu, ndipo mafuta onsewo amasungunuka m'madzi otentha, n'kupanga mzere wakuda m'mphepete ndi kutseka fyuluta. Mafuta a m'tsitsi amachita chimodzimodzi. Aliyense asambe ndi sopo n'kudzitsukuluza bwino asanalowe, ndipo a tsitsi lalitali alimange m'mwamba. Thovu loyera losaphwa nthawi zambiri limachokera ku sopo waufa wotsalira m'zovala zosambira, choncho zovalazo muzizitsukuluza ndi madzi okha. Kuuza mlendo wolemekezeka, monga apongozi, kuti ayambe wasamba n'kovuta pachikhalidwe chathu, koma ndaona kuti mwininyumba akayamba yekha n'kupereka thaulo kwa aliyense, palibe amene amakhumudwa. Ikaninso beseni lotsukira mapazi pafupi ndi masitepe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala pamene mphepo imanyamula fumbi, ndipo bafa likhale lovundikira nthawi zonse pamene mulibe munthu. Ana osakwana zaka zisanu asalowemo, mayi woyembekezera ayambe wafunsa dokotala, aliyense amene akutsekula m'mimba adikire kaye, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 40.

Magetsi akathima

Mabuku a mabafawa amaganiza kuti pampu imayenda maola ambiri tsiku lililonse. Ife tikudziwa mmene zinalili mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, pamene nyumba zambiri zinkakhala mumdima kwa maola ochuluka patsiku. Pampu ikaima, madzi sadutsa m'fyuluta, klorini safika m'mapaipi, ndipo madzi amazizira pang'onopang'ono kudutsa m'madigiri omwe aja amene Legionella amakonda. M'mapaipi oima mumayamba kumera kansalu koterera ka mabakiteriya, kamene kakangokhazikika klorini wamba sakalowerera. Chizindikiro chake n'chakuti klorini amene mwathira madzulo amakhala atatheratu m'mawa ngakhale palibe amene analowamo.

Nthawi yotere musasiye kuthira mankhwala podikira magetsi. Sungunulani klorini m'ndowa, mwazani pamadzi ponse, takasani ndi ndowa yomweyo kapena ndi mtengo woyera, ndipo musunge nambala kumtunda, pa 5 ppm. Magetsi akangoyaka, ngakhale pakati pa usiku, yatsani majeti onse kwa mphindi 15 kuti madzi a klorini atsuke mapaipi onse, ndipo musaweramire pamadzi mphindi zoyambazo. Hita ya bafa imadya makilowati awiri kapena atatu, zimene n'zolemera pa sola ya panyumba, koma pampu yaing'ono yozungulitsa madzi, imene mabafa ena ali nayo, imadya pang'ono, ndipo katswiri wa magetsi angakuuzeni ngati ingalumikizidwe payokha ku inverter. Ngati mukuona kuti simutha kusamala madziwo kwa milungu ingapo, ndi bwino kukhuthula bafa lonse, kutulutsa madzi otsalira m'mapaipi ndi m'pampu, n'kulisiya louma.

Fyuluta itsukeni ndi paipi sabata iliyonse, pindo ndi pindo, ndipo kamodzi pamwezi muiviike usiku wonse m'mankhwala ochotsa mafuta. Ngati yagwira laimu, ichotseni mafuta kaye musanaiviike mu asidi wosungunula kwambiri, chifukwa asidi amaumitsa mafutawo m'nsalu yake. Kukhala ndi mafyuluta awiri osinthanitsa kumathandiza kuti ina iume bwino, ndipo pakatha chaka kapena chaka ndi theka gulani yatsopano.

Ngakhale mutasamala chotani, madzi amafika potopa, chifukwa zonse zimene mwathira ndi zimene matupi asiya zimatsalira momwemo, ndipo amene amauluka ngati nthunzi amasiya laimu wawo m'mbuyo. Akatswiri a ntchitoyi ali ndi kawerengedwe kosavuta: gawani malita a bafa ndi 12, kenako gawaninso ndi chiwerengero cha anthu olowamo patsiku. Bafa la malita 1,500 lolowamo anthu awiri tsiku lililonse lifunika madzi atsopano pakatha masiku pafupifupi 60, ndipo ngakhale lolowamo mwa apo ndi apo lisapitirire miyezi itatu kapena inayi. Musanakhuthule, thirani mankhwala otsukira mapaipi, yendetsani majeti, ndipo mudzaona zonyansa zabulauni zikuyandama kuchokera m'malo amene dzanja silifika.

Kumene mutayire madziwo kuganizireni bwino. Ming'alu ya miyala imene imatipatsa laimu ndi yomwenso imatsitsira msanga chilichonse chotayidwa pamwamba kufika ku madzi amene ife ndi anansi athu timamwa. Madzi okhala ndi mankhwala otsukira mapaipi asathiridwe pafupi ndi chitsime kapena m'dimba la ndiwo, ndipo malita 1,500 a madzi a klorini asakhuthulidwe nthawi imodzi m'thanki ya zimbudzi, chifukwa amaidzaza ndi kupha tizilombo timene timawoletsa zonyansa. Ngati simunathire mankhwala otsukira, siyani bafa lotsekula tsiku limodzi kapena awiri mpaka choyezera chisonyeze kuti klorini watha ndipo madzi azizira, ana asakuyandikirako, kenako muthirire kapinga pang'onopang'ono, mukusuntha paipi. Pukutani makoma ndi nsalu yofewa ndi viniga pamene pali laimu, tsukuluzani, ndipo podzaza lowetsani paipi pamalo a fyuluta kuti mpweya usatsekeredwe m'pampu. Thirani klorini tsiku lomwelo, yezani alkalinity ya madzi atsopanowo, n'kuiyerekeza ndi imene munalemba ulendo wapita, chifukwa madzi a chitsime chimodzimodzi amatha kusiyana pakati pa Okutobala ndi Febuluwale, ndipo muyeso wa asidi uyenera kutsatira zimene mwapeza tsikulo.